KAMERA IRI M'THUMBA, KOMA CITHUNZI CABWINO CIYAMBA NDI MONI

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chipata

Pa Ciweru cina m'mwezi wa Juni, mwana wa alongo anga anafika kunyumba kwanga madzulo ali wakugwa nkhope, malaya atang'ambika paphewa. Mnyamatayu ali ndi zaka 19. Anatsiriza Giredi 12 caka catha, ndipo ndalama zimene anapeza atagulitsa nshawa za m'munda wake anagula nazo foni ya kamera, pofuna kuti tsiku lina adzadye za nchito yojambula zithunzi. Tsiku limenelo anapita pa msika wina wa muno mu Chipata, nabisala kuseri kwa matumba a malasha, nayamba kujambula mai wina wogulitsa matimati. Maiyo anamuona. Anaimirira ndi kufunsa mokweza ngati iye wasanduka nyama ya ku Luangwa kuti anthu azimjambula mozemba. Anthu anaunjikana, wina anamgwira malaya mnyamatayo, ndipo akulu a pamsika sanamlole kucoka mpaka atafafaniza zithunzi zonse za tsikulo pamaso pao.

Iye anadandaula kuti anthu a kuno sadziwa za luso. Ine sindinamtsutse msanga. Ndinapempha foni ija kuti ndione zimene anajambula masiku a m'mbuyo, ndipo zinalipo zoposa 300. Ndinaona misana ya anthu, nkhongo zao, ndi tianthu ting'onoting'ono tonga nyerere pakati pa malata ndi mawaya a magetsi. Pa zonsezo panalibe nkhope ndi imodzi yomwe imene mai wake wa munthu angaiyang'ane nanena kuti uyu ndi mwana wanga. Pamenepo ndinazindikira kuti cimene cinamng'ambitsa malaya ndi cimene cinamuonongera zithunzi ndi cinthu cimodzi: anali kuopa anthu, naima kutali nao monga mbala.

Bvuto limeneli si la mnyamata mmodzi ai. Lero m'midzi ya ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi muli acinyamata ambiri okhala ndi mafoni ojambula. Ena afuna kupezerapo ya sopo pa maukwati ndi pa misonkhano, ena angofuna kusunga maonekedwe a kwao. Ndipo inu amai ndi abambo amene mumajambulidwa pa cigayo, pa citsime kapena pa sitesheni ya basi, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti nkhope zimene ziri kuyenda m'mafoni amenewa ndi zanu.

Wojambula wa pa njinga

Ife amene tinali ana m'zaka za m'ma 1990 tikumbukira wojambula wa pa njinga amene anali kufika m'mudzi nyengo ya Khrisimasi, kamera iri pakhosi. Filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36 cabe, ndipo sinali kupita kukatsukidwa ku tauni kufikira itadzala, motero munthu anali kudikira milungu ingapo asanaone nkhope yake. Wojambulayo sanali kutaya cithunzi pacabe, cifukwa ciriconse cinali ndalama. Koma cacikulu ndi cakuti anali munthu wodziwika. Anali kuyamba wafika kwa anyakwawa, nalonjera, napatsidwa mpando ndi madzi akumwa. Pamene anali kutulutsa kamera, ana anali ataleka kale kumthawa.

Ku Lusaka kunalinso ojambula otere. Mmodzi wa iwo ndi a Alick Phiri, amene kwa zaka zambiri anajambula anthu wamba m'miseu ya mzindawo, nakhalanso ndi situdiyo yao ku Kanyama. Zithunzi zao zakale zinasonkhanitsidwa m'buku lochedwa Lusaka Street. Anthu ambiri a m'zithunzizo anaima dala kuti ajambulidwe, atabvala zobvala zao zokoma, maso ali pa kamera mosaopa kanthu. Iwo anali kungofuna cithunzi cotumiza kumudzi kapena copacika m'nyumba, koma lero ndi mwa iwo mmene mbadwo watsopano uonera mmene makolo ao anali kubvalira ndi mmene Lusaka anali kuonekera.

Mankhwala ake ndi miyendo

Diso la kamera ya foni analipanga kuti lione malo aakulu nthawi imodzi. Ndi labwino pojambula munda wa cimanga kapena phiri la Kanjala, koma munthu woima pa mtunda wa mamita 10 limamcepetsa kwambiri. Wophunzira akaona izi amakoka cithunzi ndi zala ziwiri kuti cikule. Pa mafoni ambiri ochipa kukoka kumeneku sikusendeza munthu pafupi ai. Kumangodula m'mbali ndi kufufumitsa cotsalaco, ndipo nkhope ituluka yosokonezeka monga yolembedwa pa nsalu yonyowa.

Cofunika ndi kusendera ndi miyendo. Mamita 2 kapena 3, ndiye kuti mayendedwe atatu kapena anai a munthu wamkulu, ndiwo mtunda woyenera kuti nkhope, manja ndi nchito ya munthu zioneke pamodzi. Mukapyola pamenepo ndi kufika pa mkono umodzi, mphuno ituluka yaikulu ndi makutu aang'ono, ndipo mwini cithunzi sadzakuthokozani. Robert Capa, wojambula nkhondo wochuka amene anafa mu 1954 ataponda bomba lokwirira ku Vietnam, anali kuphunzitsa kuti zithunzi zikakhala zosakoma ndiye kuti wojambula sanasendere mokwanira.

Koma pa mamita 3 munthu sangabisale. Apa ndi pamene acinyamata ambiri amabwerera m'mbuyo, ndipo ndi pamene nchito yeniyeni iyambira. Akale anati safunsa anadya phula. Foni ikhale m'thumba poyamba. Lonjerani monga mwa mwambo, funsani za malonda, ndipo ngati muli ndi kanthu gulani mulu umodzi. Pambuyo pake nenani poyera kuti ndinu yani ndi kumene cithunzico cidzapita. Mau ake safunika kukhala ambiri: "Amai, ine ndine mwana wa a uje a ku mudzi wakuti, ndiri kuphunzira kujambula. Kodi mungandilole ndikujambuleni muli pa nchito yanu? Ndidzakuonetsani, ndipo mukacikana ndidzafafaniza."

Ena adzakana ndithu. Wina aopa kusekedwa pa Facebook, wina wabvala citenje cogwirira nchito ndipo safuna kuti abale ake a ku tauni amuone motero, wina anamva za anthu amene amapempha ndalama kunja ndi zithunzi za osauka. Munthu sakakamizidwa kupereka cifukwa. Thokozani ndi kupita, osakwinya nkhope, pakuti a pa thebulo loyandikana ali kuona mmene mwalandirira kukanidwako, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amakuitanani.

Mwana wa alongo anga anatsutsa mfundo imeneyi, nati munthu akapemphedwa amauma thupi, manja m'mbali, monga ali kujambulitsa ca pa reji. Ananena zoona, koma za cithunzi coyamba cokha. Jambulani comwecoco, muonetseni mwini wake, museke naye, ndipo musacoke. Khalani pambali. Wogula adzafika, adzayamba kunenerera mtengo, mwana adzalira kumbuyo, ndipo pasanapite mphindi zisanu maiyo adzakhala ataiwala za inu. Cithunzi cimene munadzera ciri pamenepo, pamene ali kumasula mfundo ya citenje kuti atulutse cenji, kapena ali kuika timati wa mbasela pamwamba pa mulu. Yang'anirani manja. Manja a wosoka nsapato, a woumba mbiya ndi a wokonza njinga amanena zambiri za moyo wa munthu kuposa kumwetulira kocita kupemphedwa.

Pali cinanso cimene amai athu anatiphunzitsa kale osadziwa kuti ali kuphunzitsa ojambula. Ogulitsa ambiri amakhala pansi kapena pa kampando kakafupi. Mukawajambula muli ciimirire, kamera iyang'ana pansi, mutu utuluka waukulu, thupi lifinyika, ndipo munthu wa nchito yake aoneka ngati wopemphapempha. Gwadani kapena njutani kufikira diso la kamera lilingane ndi maso ake. Mwana akhalenso cimodzimodzi. Ulemu wa kwathu ndi luso la kamera zagwirizana pa cinthu cimeneci.

Dzuwa ndi khungu lathu

Kuno kwathu dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni. Limaika mithunzi yakuda m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno, ndipo munthu amatsinzina. Nthawi yabwino ndi kuyambira dzuwa litatuluka kufikira 9 koloko, ndiponso kuyambira 16 koloko kufikira litalowa, pamene kuwala kumadzera m'mbali ndi kuonetsa maumbidwe a nkhope. Tsiku la mitambo m'dzinja ndi labwino lonse lathunthu. Ngati simungacitire mwina koma kujambula masana, funani mthunzi wa khonde kapena wa mtengo wa mango wogwirana masamba, munthuyo ayang'ane kunja kumene kucokera kuwala. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali ndi woipa, cifukwa umathimbirira nkhope ndi mawanga.

Kamera imayesa kuwala kwa malo onse pamodzi. Mukaimika munthu wakuda patsogolo pa cipupa coyera ca laimu kapena pa thambo lowala, iyo imacepetsa kuwala cifukwa ca cipupaco, ndipo nkhope imada bii, kutsala mano ndi maso. Bvutoli ndi lakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi la cithunzi ca mkazi wacizungu kuti azilinganizira makina ao, ndipo khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadza m'zaka za m'ma 1990. Mafoni a lero ayesako bwino, komabe afunika kuuzidwa. Gogodani ndi cala pa nkhope ya munthu pa galasi la foni. Pamenepo kamera idziwa kuti cofunika ndi nkhopeyo, osati cipupa. Ndipo musanayambe, pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa. Zithunzi zambiri zooneka ngati za m'nkhungu zimadza cifukwa ca thukuta la m'thumba ndi fumbi la Okutobala, osati cifukwa cakuti foni ndi yochipa.

Kudikira pamphambano

Wophunzira amayang'ana munthu yekha, naiwala zimene ziri kumbuyo kwake. Pofika kunyumba apeza kuti mtengo wa magetsi wamera pamutu pa agogo, kapena kuti ngolo ya ng'ombe yatulukira m'khutu mwao. Kamera siisankha, imatola zonse. Kusuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere kumacotsa mtengowo.

Njira yabwino koposa ndi kuyamba mwasankha malo, anthu adze pambuyo. Pezani cipupa ca mtundu umodzi, kapena khomo la sitolo pamene kuwala kwagwa bwino, muime pamenepo poonekera, foni iri m'manja awiri ndi zigongono zitagunda nthiti kuti isagwedezeke. Muno mu Chipata, mzinda wa njinga, mmawa uliwonse miseu yolowa m'tauni imadzala ndi anthu onyamula malasha, nzimbe, nkhuku ndi mbuzi pa keriya. Munthu woima pamalo amodzi kwa theka la ola aona zambiri kuposa woyendayenda tsiku lonse, ndipo odutsa amayamba kumzolowera. Kuona maso a nkhono ndi kudekha. Amene ali ndi kamera yeniyeni aike liwiro la kacitseko kake pa 1/250 pojambula oyenda pansi, ndi pa 1/500 pojambula a pa njinga, kuti miyendo isaoneke ngati utsi.

Katswiri wa ku France, Henri Cartier-Bresson, anajambula mu 1932 cithunzi cimene cidziwika dziko lonse, ca munthu ali kulumpha cithaphwi kuseri kwa sitesheni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris, cidendene citatsala pang'ono kukhudza madzi. Akadafulumira kapena kucedwa ndi kuphethira kumodzi kwa diso, cithunzico sicikadakhala kanthu. Munthu uja sanapemphedwe cilolezo, ndipo acinyamata owerenga amakonda kuchula zimenezi. Koma ayang'anitsitse: wolumphayo aoneka ngati mthunzi cabe, nkhope yake siidziwika, ndipo palibe cimene cimcititsa manyazi. Komanso ku Paris wojambula ndi wojambulidwa sadzaonananso. Kuno mai amene mwamjambula mozemba lero mudzampeza mawa pa maliro, ali kuphika pamodzi ndi apongozi anu.

M'khamu la anthu ndi zoona kuti simungalonjere aliyense. Pa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena pa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, anthu adziwa kuti makamera alipo. Pamenepo cikwanira kukweza foni poyera, kuyang'ana munthu m'maso ndi kudikira kuti agwedeze mutu. Ophunzira onse amathamangira ku bwalo, nabwerako ndi fumbi ndi mitu ya anzao oonerera. Ine ndaona kuti zithunzi zokoma ziri m'mphepete: nkhalamba yacingoni iri kumanga zikopa zake isanalowe m'bwalo, mai wogulitsa thobwa, mwana ali paphewa pa atate wake. Za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse, mwambo ukhalabe mwambo. Jambulani pa bwalo pokha ngati akulu a gule alola, ndipo kamera isalondole cirombo pobwerera ku dambwe.

Amene anabisa kamera

Alipo ojambula amene anabisa makamera ao ndipo dziko liwalemekeza. Peter Magubane wa ku South Africa, amene anayamba nchito ku magazini ya Drum m'zaka za m'ma 1950 namwalira mu 2024, anabisapo kamera m'kati mwa buledi woboola kuti ajambule zimene boma la tsankho silinafune kuti zioneke. Anatsekeredwa m'cipinda ca yekha masiku 586, ndipo atatuluka anajambulabe kuukira kwa ana a sukulu a ku Soweto mu 1976. Koma tifunse kuti anali kubisira yani. Anali kubisira apolisi onyamula mfuti, kuti aonetse mabvuto a anthu ake. Mnyamata wobisala kuseri kwa malasha ali kubisira mai wogulitsa matimati. Zinthu ziwirizi sizifanana.

Pali malo amene foni iyenera kukhala m'thumba ngakhale cithunzi cioneke cokoma motani. Munthu wobvulala pa ngozi ya pa mseu, wodwala m'cipatala, woledzera atagona m'ngalande, wamisala, namfedwa ali kulira: onsewa sangathe kubvomera kapena kukana. Masiku ano zicitika kuti banja limva za imfa ya mwana wao poona mtembo wake pa WhatsApp mthenga asanafike, ndipo amene amatumiza zotere saganiza za mai wake wa malemuyo. Ana asajambulidwe popanda kholo kapena mphunzitsi. Malamulo a dziko lino aletsanso kujambula malo a asilikali ndi malo ena otetezedwa, motero pa ulalo wa Luangwa, pa malire a Mwami kapena pa bwalo la ndege funsani apolisi musanatulutse foni. Ndipo cilolezo cojambula si cilolezo cofalitsa. Amene wakulolani kumjambula sanakuloleni kuti mumuike pa Facebook ndi mau omseka.

Cotsala ndi kusankha. Popeza foni siitha filimu, wophunzira amasunga zonse ndi kuonetsa zonse, ndipo cabwino cimodzi cimamira m'zoipa makumi asanu. Madzulo alionse khalani pansi, musankhe zitatu zokha, ndi kudzifunsa pa ciriconse cotayidwa kuti calakwika ndi ciani: kutalika, dzuwa, za kumbuyo, kapena kucedwa kwa cala. Ndinampatsa mwana wa alongo anga lamulo lakuti patsiku asapyole zithunzi 36, monga wa pa njinga uja. Anadandaula masiku awiri, koma pa lacitatu ndinamuona ali kukweza foni, nayang'ana, naitsitsanso osajambula.

Patapita milungu iwiri tinabwerera limodzi ku msika uja. Tinayamba kwa akulu a pamsika, ndipo iwo anatiperekeza kwa mai uja. Mnyamatayo ananjuta, napepesa, nagula milu iwiri ya matimati. Atapempha cilolezo, maiyo anakana, nati tsikulo sanabvale bwino. Abwere pa Ciwiri mmawa. Anapita pa Ciwiri, napeza maiyo atabvala duku latsopano. Anakhala naye pafupifupi ola lathunthu, nabwerako ndi zithunzi 14.

Cimodzi anakacitsukitsa pa pepala ku situdiyo, nakapereka. Ine ndinalipo. Maiyo anapukuta manja pa citenje, nacigwira m'mphepete, naciyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Pambuyo pake analoza mulu wa kumanzere, nadzudzula mnyamatayo kuti anaona timati wofinyika ali pamwamba koma sanamuuze kuti amcotse. Kenaka anapempha cina cofanana naco coti atumize kwa mwana wake wokwatiwa ku Kitwe. Mai wa kapenta wa pa thebulo loyandikana, amene tsiku lija anali pakati pa ofuula, anasendera kudzasuzumira, nafunsa kuti cimodzi ndi zingati.